Sananene Kuti Ndi Mwana Uti

Amake mapasa anayamba kusita zovala za anthu anawo ali kumsana. Amagwira ntchito m'kachipinda kotentha kuseri kwa malo ochapira, ndipo simbi amaiyesa ndi chikhato. Mapasawo, wamwamuna ndi wamkazi, atakula analowa ntchito imodzi, yowotcherera zitsulo. Mayiwo ankakonda kuseka kuti banja lonse limadyera moto.

Tsiku lina masana foni inalira ali pakati posita malaya oyera. Anali abwana a anawo.

"Mayi, mwana wanu wavulala. Geti lamugwera. Tathamangira naye kuchipatala chachikulu, bwerani msanga."

"Uti? Mwana uti?"

Foni inali itaduka kale. Anayimbanso, osayankhidwa. Ya wamwamuna inali yozima, ya wamkazi inkangoitana. Anatuluka simbi ili chiyakire, mnzawo wapantchito ndiye anaizimitsa.

M'basi mawu aja ankangowazungulira m'mutu. Wavulala. Lamugwera. Panalibe liwu ndi limodzi lomwe lowauza ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Ankati akapempherera mmodzi, n'kuona ngati akupereka winayo.

Pachipatala anauza mlembi wapakhomo kuti, "Mwana wanga, amawotcherera zitsulo, abwera naye posachedwapa." Mlembiyo sanafunse n'komwe, anangoloza kuwodi ya amuna.

Mayiwo anayenda bedi ndi bedi. Nkhope zonse zinali zachilendo. Kumapeto kwa wodiyo namwino ankachotsa nsalu zamagazi pabedi lopanda munthu. Mayiwo anagwira chitsulo cha bedilo.

"Amayi!"

Anali wamwamuna uja, ataima pakhomo, ovololo yake ili magazi okhaokha. Anamuthamangira n'kuyamba kumugwiragwira mutu, mapewa, manja.

"Magaziwa si anga, amayi. Wavulala ndi mlongo wanga. Ali kwa azimayi. Mwendo wathyoka, koma akulankhula."

Anamupeza mtsikanayo atagona chagada, nkhope ili mbuu, milomo itauma.

"Amayi, musalire," anatero mtsikanayo motsitsa mawu. "Ndiye akuti mumandifuna kwa amuna? Ndevu ndamera liti ine?"

Mayiwo sanaseke. Anangokhala pansi penipeni, atagwira dzanja la mwanayo.

Mtsikanayo anachira, ngakhale mpaka pano amatsimphina. Mayi ake anamuchonderera kuti apeze ntchito ina, iye anakana. Masiku ano ambulansi ikadutsa mumsewu ikulira, amake mapasa amatuluka panja n'kuima pomwepo mpaka phokoso lake litazimiririka.