Kagudumu ka Kumchira ndi Makilo a Sarel

Mkulu wa m'shedi yomalizira yosungiramo ndege, pa kabwalo ka ndege kunja kwa tauni ya Kroonstad, alibe nazo ntchito za mapiko. Mnzake akabweretsa ndege yodzipangira yekha, iye amalunjika kumchira n'kugwada pa kagudumu ngati akupemphera. Asanakamange amafunsa kulemera kwa mwini ndege, n'kusanjika matumba a mchenga olemera chimodzimodzi pampando. Amati chitsulo chogwira kagudumuko chimapindika ndi katundu, ndipo chikapindika mopitirira, kagudumu kamavina.

Tsiku lina Sarel, mlimi wa ng'ombe, anabweretsa ndege yake, ndipo atafunsidwa kulemera kwake anayankha msangamsanga kuti, "Makilo 85, akulu."

Mkuluyo anayang'ana mimba ya Sarel, n'kuyeza mchenga wa makilo 85 omwewo.

Potera koyamba kagudumu kananjenjemera koopsa, ndege n'kukhotera m'udzu. Sarel anatsika thukuta lili kamukamu.

"Akulu, mukanandiphatu! Mwamanga chiyani apa?"

Mkuluyo analowa m'shedi n'kutuluka akukoka sikelo yoyezera nkhosa.

"Ine ndinamangira munthu wa makilo 85 uja, mphwanga. Kaya wapita kuti. Kwera apa, timangire iweyo."