Kanyenyezi ka Pansi pa Mtsuko

Ine mtsuko wa ku Zanesville kuno ndimaudziwa pongoununkhiza nditatsinzina, mpaka kutchula chaka chimene unatuluka mu uvuni. Bodza limenelo. Wodziwa mitsuko ndi alamu anga a Marvella, akazi a malemu achimwene anga. Ine yanga ndi kuwayendetsa pa galimoto basi.

Mayi awo ankajambula maluwa pa mitsuko m'fakitale ya kutsidya kwa mtsinje, ija inatsekedwa a Marvella atangoyamba sukulu. Fumbi la dongo linawadya m'chifuwa. Anamwalira osasiya mtsuko ndi umodzi womwe m'nyumba, poti yonse inali ya fakitale. Chimene mwanayo anatsala nacho m'mutu n'chakuti pansi pa mtsuko uliwonse, mayi ake ankalembapo kanyenyezi.

Ndiye kuyambira utsikana mpaka imvi mbuu, paliponse pamene akugulitsa katundu wa omwalira, a Marvella amakhala atafika kale. Mitsuko imene atembenuza ingathe kutseka mtsinje wa Muskingum. Maluwawo sawayang'ana n'komwe. Amaunyamula, kuuzondotsa, kuona pansi, kenako kuugogoda ndi chala khutu lili pakamwa pake. Amati ina imatsokomola.

"Alamu, tiugulire mankhwala a chifuwa?" ndinawafunsa tsiku lina. Sanaseke.

Mvula ikagwa amapita kuseri kwa bwinja la fakitale, kumene nthaka imalavula mapale, n'kumatola limodzilimodzi ngati akutola mafupa a munthu.

Chaka chino maso awo ayamba kuchita mdima. Adokotala akuti pofika Khirisimasi sadzaonanso, ndipo kanyenyezi kaja sanakapezebe. Choncho ndinagula mtsuko wakale wa maluwa oyera, wopanda chizindikiro chilichonse pansi, n'kukhala nawo kuseri kwa nyumba yawo, n'kukandapo kanyenyezi ndi msomali.

"Alamu, taonani kuno! Ndaulanda kwa nkhalamba ina ku Crooksville, galu wake wamkulu ngati ng'ombe ali pambuyo panga!" ndinatero ndikulowa m'nyumba.

Anaulandira ndi manja awiri. Anauzondotsa n'kuyendetsa chala pa kanyenyeziko pang'onopang'ono. Anaugogoda, n'kumvetsera nthawi yaitali, moti nanenso ndinatchera khutu.

"Alamu a Dwight," anatero osandiyang'ana, "amayi ankalemba dongo likadali lonyowa, mzere wake umakhala wofewa ngati mlomo wa mwana. Akatu kakundicheka chala. Kabwezeni msomali m'bokosi la achimwene anu."