Mbale imodzi imene inatsala

Tsiku limenelo panali ine, mwana wanga wachisamba ndi banjo yake, mlamu wanga ndi ng'oma, mzungu wa makina ojambulira mawu, ndi womasulira wake wa ku Blantyre. Pansi pa mtengo wa mango panakhala amalume, apongozi anga aamuna, mkulu wa mpingo, ndi anthu a ku Magaleta amene anabwera wapansi atamva mbiri.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma piyano ndinkaidziwa. Kafunseni aliyense amene anali ku Halale nthawi ya nkhondo. Ndinkaimba m'holo ya dansi, nyimbo za jazi zija zodziwika ndi aliyense, popanda pepala. Kungomva kamodzi pa galamafoni, basi, zala zagwira. Pobwerera kuno ku Neno ndinagula limba lopopa ndi mapazi, poti piyano sikanakwera mapiri athuwa. Analinyamula amuna anayi kuchokera ku Matope. Koma anthu kuno ankangoti, "Akuluwa ndi pakamwa." Za ku Halale palibe ankazikhulupirira, ndipo khasu linali litayamba kundiumitsa zala.

Ndiye mzungu uja atafika, m'zaka za chitaganya, ndinati lero adziwa. Anali atazungulira midzi yambiri, mbale ya galamafoni yosajambula itamutsalira imodzi yokha.

Womasulira anati, "Bambo, mbaleyi ndi ya mphindi zitatu. Mzungu akatsitsa dzanja, muyambe pomwepo."

"Iwe, ndinayamba kuimba usanabadwe," ndinatero.

Dzanja linatsika. Mwana wanga anayamba kukhwatcha banjo. Ine nditakweza maso ndinaona amalume akundiyang'ana. Kwathu kuno munthu suyamba chinthu pamaso pa akuluakulu usanawalonjere. Ndinafunanso kuti kumene mbaleyo ikupita akamve kuti ndili ndi anthu.

"Amalume, muli bwanji kumeneko?"

"Tili bwino, kaya inu? Mwendo wokhawu ndi umene sukundigoneka."

"Pepani, pepani."

Ukalonjera amalume, apongozi ungawadumphe? Apongozi anayankha, n'kufunsanso za ana, ngakhale anali atawaona m'mawa womwewo.

"Bambo, tiyeni," mwana wanga ananong'ona, banjo ikungozungulira pamodzimodzi.

Mkulu wa mpingo sanadikire n'komwe kuti ndimulonjere. Anaimirira n'kunena kuti iye wabwera kudzaona makina, osati za dansi. Mlamu wanga anaseka mpaka ng'oma inasokonekera.

Pamenepo ndinaponda zopopera. Limba lija limafuna nthawi kuti mpweya udzaze. Litangoyamba kulira, dzanja la mzungu linakwera.

Anatiyimbira mbale ija pomwepo. Mawu anga anamveka bwino zedi, aakulu. Mwendo wa amalume unamveka. Anthu anakondwa, amalume anapempha kuti aibwereze. Limba linamveka kumapeto, kulira kumodzi ngati ng'ombe ili patali.

Ndinapempha kuti tiyambirenso.

"Mbale zatha, bambo," anatero womasulira, akukulunga mawaya. "Mwina chaka chamawa."

Sanabwerenso. Tsikulo ndinaimbabe galimoto ya mzungu itapita, nyimbo zinayi, bwino kwambiri, koma anthu anali atatsatira fumbi la galimoto kumsewu.

Limba tinalinyamula awiri, ine ndi mwana wanga, iye kutsogolo. Titalitula pakhonde anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Bambo, ine ndinakumvani mmene munaimbira atapita aja. Koma ndani andikhulupirire? Ndine mwana wanu."