Tsiku limene tinaveka Mpwitikizi chitenje

Nditasamuka ku Zomba kubwera ku Mzuzu, ntchito yanga ya Loweruka masana inali yoonetsa kanema mu holo ina ku Chibavi. Mazenera tinkatchinga ndi mabulangete. Mafilimu ankabwera pa basi kuchokera ku Blantyre, akuluakulu oyang'anira atadula kale zosayenera. Zikawapulumuka, ine ndinkatseka kuwala ndi chipewa changa mpaka opsompsonanawo atatopa.

M'mafilimumo munali mayi wina wa Chipwitikizi amene anthu ankamukonda. Tinamuona akulankhula Chifalansa, kenako Chitaliyana, kenako Chingerezi. Mkazi wanga ankati, “Koma ameneyu kwawo amagonako?” Tsono inabwera filimu imene mayiyo anaitsogolera yekha. Basi inachedwa, sindinaiyese.

Holo inadzaza. Pampando wakutsogolo panakhala tcheyamani wa chipani wa dera lathu, bambo wosaseka. Nditangoyatsa makina, mayi uja anatulukira atavala buluku. Masiku amenewo mkazi kuvala buluku unali mlandu, ndipo anthu ankatengedwa pa zinthu zochepa kuposa izi. Ndinatseka ndi chipewa. Ndinatsegula, buluku lomwe lija. Anthu anayamba kuimba malikhweru. Ndinachita mantha zedi, thukuta kamukamu m'kuzizira kwa Mzuzu.

Mkazi wanga, amene sadikira kuuzidwa, anamasula chitenje chimene anavala pamwamba, nathamanga kukachipachika m'munsi mwa nsalu yoonetserapo, kuti miyendo ibisike. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinapumako. Koma kuwala kutagwera pa chitenjecho, holo yonse inangoti zii. Chinali chitenje cha chipani, chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko, ndipo miyendo ya buluku ija inkayenda pankhope pomwepo.

Kuchichotsa sindikanatha, chifukwa ndani angakoke nkhope imeneyo anthu akuona? Kuzimitsa makina kukanakhala kuvomera mlandu. Ndinangoima, ndikuganiza za ana athu awiri ndi amene adzawalere. Filimu ija sindikudziwa kuti inkanena chiyani. Ndinkangoyang'ana nkhongo ya tcheyamani, imene sinagwedezeke n'komwe.

Itatha, anthu anatuluka osayang'anana. Tcheyamani anatsala. Anabwera pang'onopang'ono pamene ndinali, mkazi wanga atandigwira malaya kumbuyo.

“Adada,” anatero motsitsa mawu, “ine lero ndinali ku maliro ku Mchengautuwa. Mwapulika? Muno sindinalowemo.”

“Tamva, bambo.”

“Yewo chomene.”

Anandipatsa dzanja. Linali lonyowa ndi thukuta kuposa langa. Munthu amene tonse tinkamuopa anali atakhala pampando wakutsogolo mpaka kumapeto osaletsa kanthu, ndipo iyenso anali ndi ana.