Nyimbo ya Amayi pa Bolodi

Wina akangotchula aphunzitsi a Mwale, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la choko losakanikirana ndi utsi wa fodya wa chikopa, chifukwa jekete lawo lija, limodzi lomwelo chaka chonse, linkachokera m'kalasi n'kukalowa m'balani osavulidwa. Tinkakhala moyandikana kumudzi kwathu cha ku Nambuma, pakati pathu pali mpanda wa udzu wokha, ndipo iwo ndiwo ankatiphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ya mishoni. Anali munthu wamtali, wokonda mafunso kuposa chakudya, ndipo akamva chinthu chokoma sankatha kuchisunga mumtima.

Nthawi imeneyo, njala ya 1949 itadutsa, abambo anga anali ku Joni. Anapita ine ndili wamng'ono, ndipo anthu anali atayamba kuwatchula kuti mtchona. Amayi sankadandaulira munthu. Madandaulo awo ankapita nawo pamtondo: m'mawa, nkhuku zikulimbirana gaga, munsi ukugunda mpaka pansi kunjenjemera, iwo ankaimba nyimbo yopeka okha, yofunsa mwamuna wawo mafunso amene ine mwana sindinkayenera kuwamvetsa. Kwathu za pamtondo zimathera pamtondo pomwepo. Wodutsa amamva, koma amachita ngati sanamve.

Aphunzitsi anamva, koma kuchita ngati sanamve kunawakanika. Tsiku lina titalowa m'kalasi tinapeza buku la Chingerezi lili potero, pa bolodi atalembapo nyimbo ya amayi yonse.

"Iyi ndi ndakatulo," anatero aphunzitsi. "Kodi woimbayu akulankhula ndi yani? Nanga munthuyo anapitiranji kutali chonchi?"

Anatiyendetsa mzere ndi mzere mpaka tinafika pa nkhani ya msonkho, pa malole otenga amuna, pa minda yolimidwa ndi akazi okhaokha. Kenaka anati aliyense amene bambo ake kapena malume ake ali ku Joni kapena ku Halale akweze mkono. Mikono inadzaza kalasi. Ndinadabwa kwambiri, chifukwa ndinkayesa kuti manyazi amenewo anali a nyumba yathu yokha.

"Mbiri ya dziko lanu ndi imeneyo," anatero. "Amayi anu amaiimba m'mawa uliwonse."

Koma ana ndi ana. Dzuwa lisanapendeke nyimbo inali itafika kale kudambo ndi kuchitsime, ndipo amayi anaimva m'kamwa mwa anyamata oweta mbuzi. Anangolowa m'nyumba, kutenga sileti yanga n'kukaiponya m'nkhokwe.

"Sukulu yathera pompa," anatero. "Sindinakutumize kumeneko kuti akandivule pagulu."

Ndinalira mpaka maso kutupa, pakuti sukulu ndinkaikonda koposa. M'mawa mwake aphunzitsi anazungulira mpanda, chipewa chili m'manja, nanjuta pafupi ndi mtondo.

"Anabanda, ndalakwa ndine. Mwanayu mutu wake umagwira, musamulange chifukwa cha ine."

"Inu mumati nyimbo imachokera m'choko, eti?" anatero amayi, akuwapatsira munsi. "Konolani chimangachi, muziimba, mumve kumene imachokera."

Mwamuna pamtondo, komanso mphunzitsi wathunthu! Koma anaulandira. Munsi unkagwera m'mphepete, chimanga chinkathawira pansi, nkhuku zinachita phwando, ndipo nyimbo inkawadukira pakhosi chifukwa cha phuma. Azimayi a m'mudzi anaunjikana, akuseka mpaka kugwirana. Aphunzitsi sanasiye. Amayi okha ndiwo sanaseke, anangoima manja ali m'chiuno, mpaka ataona matuza m'manja mwa aphunzitsi.

"Basi, mwana apite," anatero. "Koma nyimboyo mukaifufute pa bolodi paja. Ndi yanga."

Anakaifufuta tonse tikuona, natiuza poyera kuti anatenga chinthu cha mwini osapempha. Ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndimawakondabe.

Abambo sanabwerenso. Ine ndinapitirira ndi sukulu mpaka ndinadzakhala mphunzitsi wa sekondale, ndipo ndakatulo iliyonse ndinkaiyamba ndi mafunso a aphunzitsi a Mwale: akulankhulayu ndani, nanga dziko linkadutsa m'zotani panthawiyo? Ndinkatuma ana kukamvera nyimbo za amayi awo, koma ndinkawauza kuti ayambe apempha, ndipo akakanizidwa abwere chimanjamanja. Nyimbo ya amayi anga ndimaidziwa yonse, ndipo ikanaphunzitsa bwino kuposa zambiri za m'mabuku. Amayi anamwalira kalekale, koma sanandiuzepo kuti asintha maganizo, choncho sindinailembepo pa bolodi, ndipo ngakhale pano sindiilemba.