Bokosi la Mabuku la a Layson

A Layson Alufandika anayamba kudziwika pachipata cha msika wa pa Boma ku Nkhotakota, nthawi ya chipani chimodzi. Ntchito yawo inali kufunsa khadi la chipani. Mayi wosenza chinangwa, msodzi wa dengu la usipa, ngakhale shehe wovala mkanjo, aliyense ankaima kaye pamaso pawo n'kupisa m'thumba. Sanali wankhanza kwenikweni, ndipo sanamenyepo munthu. Kungoti mawu akuti "lowani" ankawalemera pakamwa.

Matipate atabwera, anthu anayamba kudutsa osawayang'ana. Amayi ena ankachita kuwalonjera mokweza: "Mwaswera bwanji abwana? Khadi taiwala kunyumba!" A Layson anabwerera kumudzi kwawo kufupi ndi Ngala. Anayesa usodzi ndi mlamu wawo, koma bwato likangoyamba kuvina iwo ankasanza, mpaka mlamuyo anati, "Alamu, nsomba mwazidyetsa mokwanira. Khalani kumtunda."

Chaka chimene boma linalengeza kuti pulayimale ndi yaulere, ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi. Sukulu ya m'mudzimo inali ndi zipinda ziwiri zokha. Ena onse ankaphunzirira pansi pa mitengo ya mango, kulemba pamchenga ndi chala. Posakhalitsa bungwe lina linabweretsa bokosi lachitsulo lodzaza mabuku a ana ongoyamba kuwerenga. Anali a zilembo zikuluzikulu ndi zithunzi zowala: mbuzi ili pachulu, mtsikana akutunga madzi, mawu ochepa patsamba lililonse. Komiti ya sukulu inakhala pansi kuti isankhe wosunga. Mkulu wina anati, "Pakufunika munthu amene sachita manyazi kukaniza." Onse anatembenukira kwa a Layson.

Anawapatsa kachipinda kosungiramo makasu, ndipo kiyi anaimangirira pachingwe m'khosi. Nkhope yawo inabwereramo. M'mawa uliwonse ankasesa, kupukuta bokosi, kuthira phulusa m'makona kuopa chiswe. Kenaka ankakhala pakhomo.

Lamulo lawo linali lakuti mwana asambe m'manja asanakhudze buku. Ana ankathamangira kuchitsime n'kubwera atatambasula manja. A Layson ankawanunkhiza mmodzimmodzi.

"Wadya usipa iwe. Ubwere mawa."

Mawa lake mwana ankabwera atadyanso usipa, poti kunyanja ndiwo ndi yomweyo. Amene manja ake apezeka oyera, ankamuona mphuno. Amene mphuno yake ili bwino, ankamufunsa ngati amadziwa kuwerenga, ndipo akati ayi, iwo ankati, "Nanga buku ukatani nalo?"

Mphunzitsi wa Sitandade 1 anali Laila, mtsikana wongomaliza Fomu 4, amene anam'lemba ntchito atangophunzitsidwa masabata ochepa. Tsiku lina anabwera yekha, nagwada pang'ono mwaulemu.

"Bambo, mundibwerekeko ochepa chabe. Ndiziwagwira ndekha, ana azingoona."

"Muwerengera kuti, aphunzitsi?"

"Pansi pa mango paja."

"Pamene pamatera mbalame paja? Nanga mwera ukawomba? Nanga mvula? Mabukuwa ndi a ana, mayi. Akawonongeka lero, ana a mawa adzawerenga chiyani?"

Laila anapita kukadandaula kwa ahedi, koma ahediwo anali ataimikidwapo pachipata chija kangapo, ndipo ngakhale zinthu zinali zitasintha, miyendo yawo sinkafuna kulowera kukachipindako. Choncho Laila ankaphunzitsa ndi zimene anali nazo. Inali nyengo imene aliyense anali ndi malaya kapena nsalu yachipani. Ankaimika mwana kutsogolo, kumutembenuza, n'kumaloza zilembo za pamsana pake. Ana ambiri a m'mudzimo anadziwa kulemba mayina a zipani asanadziwe kulemba "mbuzi". Mmodzi wa iwo anali Talandira, mwana wa a Layson.

Chaka chitatha, galimoto ya bungwe lija inabweranso. Munatuluka mayi Angella, ochokera ku Lilongwe, amene ankayendera masukulu olandira mabokosi. A Layson anavala jekete ngakhale kunkatentha. Anatsegula bokosi pang'onopang'ono, fungo la mapepala atsopano n'kudzaza kachipinda konse.

Mayi Angella anatola buku limodzi. Masamba ake anali akadali omatana.

"Bambo, mabukuwa sanawerengedwepo?"

"Ngakhale limodzi, mayi," anayankha a Layson atatulutsa chifuwa. "Mmene munawasiyira."

Mayiwo anabweza bukulo m'bokosi. Kenaka anauza ahedi kuti kusukulu ina, cha ku Dwangwa, anapeza mabuku atang'ambika, atada ndi mango, ena osokedwa ndi ulusi, ana akulimbirana. Kumeneko n'kumene kunali njala ya mabuku. Kuno zinkaoneka kuti sakufunika. Ahedi anayamba kufotokoza, Laila misozi ili m'maso, koma dalaivala anali atanyamula kale bokosi.

A Layson sanamvetse. Ankayembekezera kuyamikiridwa, mwina kupatsidwa njinga. Owononga apatsidwa mphotho, wosamala walandidwa! Anaima pakhomo kiyi ili m'khosi. Mayi Angella anawamvera chisoni. Anatsegula bokosi m'galimoto muja, natenga buku la mbuzi lija.

"Ili mukapatse ana anu."

Analandira ndi manja awiri. Galimoto itachoka, makolo anawazungulira. Panali mawu ambiri, ena osayenera kubwereza, ndipo a Layson ankangoyankha kuti m'manja mwawo simunatayike tsamba ngakhale limodzi. Zimenezo palibe anatsutsa.

Kuyambira pamenepo analowa m'dimba kulima mpunga, ndipo anapezeka kuti ndi mlimi wabwino. Mbalame sizinkayerekeza kutera m'munda mwawo. Buku lija analikulunga m'pulasitiki n'kulisomeka kudenga, pamwamba pa mphasa yawo. Talandira ankalipempha kawirikawiri.

"Ababa, ndione nawo mbuzi ija."

"Ukakula, mwanawe."

Analitsitsa mtsikanayo ali mu Sitandade 6. Talandira anasamba m'manja, analiwerenga chiimire mpaka kumapeto madzi a pamoto asanawire, nalibweza.

"Ndi la ana ili, ababa," anatero, n'kutenga ndowa kupita kunyanja.