Basi Yanga Inathera pa Kabati

Ndikukumbukira chaka chimene ndinapanga basi ya mawaya, ndili Sitandade 5 ku Kawale. Sindikudzitama, koma m'dera lathu munalibe mwana wopinda waya kundiposa. Basiyo inanditengera chilimwe chonse. Mawaya ndinkatola kumene ankamanga nyumba zatsopano. Malata ake ndinadula ku zitini za mafuta, ndipo matayala anali zitini za polishi zokulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Inali ndi mipando, ndiponso chitseko chotseguka. Chiwongolero chinali waya wautali wondifika m'chiuno. Ukapotoza pang'ono chabe, matayala akutsogolo ankamva.

Masiku amenewo pa Khirisimasi anyamata tinkandandalika magalimoto athu, n'kuwayendetsa kuchoka ku Kawale mpaka ku Biwi. Yokongola kuposa zonse ndiyo inkatsogolera. Zaka zam'mbuyo ankatsogolera Yosefe, mnyamata wamatama wa kuseri kwa nyumba yathu, ndi lole yake. Chaka chimenecho malowo anali anga. Yosefe nayenso ankadziwa.

Kwathu tinkakhala ndi amalume a Layisoni, mlongo wawo wa amayi. Ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina ku Biwi. Tsiku lina anaipeza basiyo pabwalo. Anainyamula, anaitembenuza, naimba kamluzu.

"Mphwanga, wapanga wekha? Yakongola, koma ilibe moyo. Basi yanji yokankha ngati wilibala?"

Ndinati imayenda bwino momwemo.

"Ukudziwa chiyani iwe? Bwera nayo kuno."

Mwana wa nthawi imeneyo sankakaniza malume wake kanthu. Ndinaipereka ndi manja awiri.

Mawa lake anabwera ndi kamota kamene anachotsa mu gumbagumba yakufa, makina aja oimbira mbale. Anakamangirira kunsi kwa basi, nakalumikiza ku matayala akumbuyo ndi kamphira. Atagunditsa mawaya ku mabatire, matayala anazungulira okha m'malere. Ndinakondwa, sindinganame. Ndinkaganiza kuti athera pomwepo.

Sanathere pomwepo. Mabatire anafuna pokhala, ndiye mipando yanga inazulidwa. Mababu a tochi anafuna poonekera, ndiye nkhope ya basi inabooledwa. Swichi inasowa malo, ndiye chitseko anachiwotcherera kuti aimangirire pamenepo. Ine ntchito yanga inasanduka kupemerera makala pambaula kuti chitsulo chowotcherera chitenthe. Fungo la mtovu wosungunuka ndimalimvabe mpaka lero, ndipo silindisangalatsa. Ndikangotambasula dzanja, ankakuwa.

"Usakhudze! Uwononga!"

Ndiwononge basi yanga yomwe!

Ndinakadandaula kwa amayi, amene ankachapa kuseri. "Amayi, amalume akundilanda basi."

"Akukulanda kapena akukuthandiza? Anzako ena alibe ndi malume yemwe. Pita ukathokoze."

Ndinapita, ndinagwada, ndinathokoza.

Khirisimasi itayandikira, anafika pa chiwongolero. Anachigwedeza uku akupukusa mutu.

"Ichi n'chachibwana. Unaionapo basi dalaivala wake akuyenda pansi, kuitsatira pambuyo?"

"Amalume, nanga ndiziiwongolera bwanji?"

"Izidziyendera yokha. Sukuona kuti ndi yamagetsi?"

Anachidula ndi pulayala ine ndikuona. Matayala akutsogolo anawamanga mopendeka kuti basi isamagunde khoma.

Pasimenti ya m'nyumba inayendadi. Mababu anayaka, kamota kanalira, basi n'kumazungulira tebulo. Anthu oyandikana nafe anadzaza pakhomo. Amayi analulutira. Ine ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tikaiyese pamsewu, popeza ku Biwi sitinkapita pasimenti.

Mvula inali itagwa dzulo lake. Titaiika pansi, mabatire aja anailemera, matayala anatitimira mumchenga wonyowa. Kamphira kanayamba kuterereka. Kamota kanalira ngati udzudzu, basi osasuntha. Ndinafuna kuikankha, koma pogwira panalibe. Ndinayang'ana amalume, ndikuyembekeza kuti anena zobwezeretsa chiwongolero changa.

"Wolakwa ndi msewuwu," anatero. "Basi imeneyi ndi ya patala. Ndipo tsopano si chidole choseweretsa m'matope ayi."

Anaipukuta ndi mpango wawo, nalowa nayo m'nyumba. Amayi anayala kansalu koluka pamwamba pa kabati ya mbale za alendo, ndipo basi inakwera pamenepo. Kwathu chinthu chikakwera pa kabati imeneyo, mwana sankachigwiranso.

Pa Khirisimasi ndinayenda kumapeto kwa mzere, manja ali m'matumba. Kutsogolo kunali Yosefe ndi lole yake yakale, yopindika mbali imodzi. Tili pafupi ndi Biwi anacheuka.

"Abwana, basi ija ili kuti? Tamva kuti imanyamula makapu okhaokha. Bwerani ndikulembeni ntchito yokweza katundu!"

Anyamata anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ndinamumenya. Nditafika kunyumba nanenso ndinamenyedwa.

Kuyambira pamenepo basi inkatsika kukabwera alendo basi. Amalume ankachotsa mabatire m'wailesi, n'kuiyendetsa kuzungulira tebulo. Alendo ankawomba m'manja. "A Layisoni, mutu wanuwu ndi wina!" Iwo ankayankha modzichepetsa kuti, "Mphwangayu anandithandizako pang'ono." Atasamukira ku Blantyre anaiwala mabatire m'katimo. Mabatirewo anatuluka madzi, nadya malata onse a pansi. Pamene amayi ankati nditenge basi yanga, inali dzimbiri lokhalokha, ndipo ine ndinali nditayamba kumera ndevu. Sindinapangenso ina.

Amalume anamwalira kale, ndipo ndinawakwiyira nthawi yaitali. Ndakula ndazindikira kuti sanali munthu woipa. Ubwana wawo unathera kubusa, akuweta ng'ombe za eni ake. Sanakhalepo ndi chidole. Ataona basi yanga, anafuna kusewera, koma munthu wandevu sanganene kuti akufuna kusewera. Amati akuthandiza.

Tsopano ndimakhala ku Area 23, nditapuma pa ntchito yowotcherera zitsulo. Mdzukulu wanga Takondwa akupanga galimoto yake. Kamota wachotsa mu DVD yakufa, batire ndi la foni, ndipo waikamo timagetsi tofiira tothwanima. Ntchito yake ndi yosalongosoka. Mawaya ali balalabalala, guluu ali paliponse. Sabata yatha anaiyatsa pakhonde, galimoto n'kuthamangira chambuyo mpaka kugwera m'ngalande. Vuto ndinaliona ndili pampando: anasemphanitsa mawaya awiri a pa kamota. Zala zanga zinayabwa kwambiri.

"Agogo, bwanji ikubwerera m'mbuyo?"

"Galimoto ndi ya ndani?"

"Yanga."

"Ndiye ifufuze."

Anandiyang'ana ngati ndine mfiti. Anakadandaula kwa amayi ake kuti agogo ndi ouma mtima. Anavutika nayo mpaka dzulo, pamene ndinamva akukuwa pabwalo kuti yayenda. Ndinasuzumira pawindo. Inkayenda mokhotakhota, tayala limodzi likugwedera, iye akuithamangira pambuyo osavala nsapato. Ndi galimoto yonyansa ndithu. Ndikanaigwira ine, bwenzi ili yowongoka, yolimba, ndiponso yanga.